Tikambirane ndi Gogo Namwino: Mwana wanga wathawa kuyunivesite

Zikomo Gogo,

Ndine mayi wamasiye wa ana anayi ndipo ndimakhala m'mudzi wina kwa Kachindamoto, kufupi ndi pa Mtakataka. Ndimalima mpunga kusikimu ya Bwanje. Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 21, adasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndipo ali chaka chachiwiri. Tsiku lomwe dzina lake lidatuluka mudzi wonse udavina, mpaka tidapha mbuzi.

Mwezi watha adangotulukira usiku ndi kachikwama kam'manja, sukulu ili m'kati. Waonda, sakudya, akungodzitsekera m'nyumba. Nditamukakamiza adaulula kuti ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu ku Chikanda komwe amagona, ndipo mwininyumba adakhoma loko pachitseko, zovala ndi mabuku zili momwemo. Akuti masiku ena ankagona ndi njala ndipo maphunziro awiri sadakhoze. Akutinso bambo wina wagalimoto adamuuza kuti amulipirira zonse akamulola. Iye adakana koma bamboyo sakuleka kumuimbira foni.

Atsibweni ake akuti sukulu yamukana, bola akwatiwe ndi mnyamata wina wogulitsa nsomba pa Golomoti yemwe wakhala akumufuna. Ine mtima ukukana, koma ndalama ndilibe. Anthu ayamba kale kutiseka. Nditani Gogo?

Mayi wosweka mtima,
Mtakataka.

Amayi anzanga,

Pepani, koma pukutani misozi chifukwa pano pali ntchito yoti mugwire sabata inoyi. Choyamba, mwana wanu mumuyamikire. Mtsikana wanjala amene wakana ndalama za bambo wagalimoto n'kusankha kubwerera kwa mayi ake ndi mwana woleredwa bwino. Ena amavomera, n'kubwera kumudzi ndi mimba kapena matenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sukulu sidamukane mwana wanuyu. Chamuthamangitsa ndi njala, lendi ndi manyazi. Ife makolo timavina tsiku losankhidwa ngati kuti digiri yabwera kale, pomwe kutsogolo kuli zaka zinayi zofuna chakudya, pogona ndi fizi. Maina a osankhidwa, amene bungwe la NCHE limatulutsa, timawaona m'nyuzi ndi kuwamva pawailesi. Amene atsikira panjira amabwera usiku mwakachetechete ngati wanuyu. Si onse olowa pachipata amatuluka atavala gauni, ndipo ambiri mwa otsalirawo si mbuli ayi.

Ife akale tikamaphunzira unamwino tinkapatsidwa bedi, chakudya katatu patsiku ndi kangachepe kogulira sopo. Ambiri kumudzi akuganizabe kuti mwana akasankhidwa ndiye kuti wakhala mwana wa boma. Zimenezo zidatha. Lero malo ogona pasukulu ndi ochepa, choncho ophunzira ambiri amachita lendi: a ku Zomba ku Chikanda, a ku MUBAS mumzinda wa Blantyre ku Chitawira ndi ku Ndirande, a ku Mzuzu ku Luwinga. M'tauni chilichonse n'chogula, madzi, makala, ndiwo, ngakhale intaneti yolembera ntchito za m'kalasi. Mu 2023 fizi ya ku Zomba idakwera kuchoka pa K350 000 kufika pa K650 000 pachaka, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Thumba la mpunga limene kale linkamusunga mwana mwezi wathunthu lidayamba kuthera panjira.

Tsono chitani izi.

Yambani ndi thupi lake. Munthu amene waonda, sakudya, sakufuna kuona anthu, akhoza kukhala ndi matenda a nkhawa. Amenewa ndi matenda enieni ngati malungo, si ulesi kapena kulodzedwa, ndipo amachizika. Pitani naye kuchipatala cha Mua kapena china chimene muli nacho pafupi. Akamuyeze magazi ngati ndi okwanira, chifukwa mtsikana wodya kamodzi patsiku magazi amachepa msanga, mutu n'kumawawa, za m'kalasi osalowa. Mukafika mumusiye alankhule yekha ndi namwino, inu mudikire panja. Pali zina zimene mwana sangaulule mayi ake ali pomwepo. Mukamva akunena mawu ngati akuti bola kufa, musatenge ngati nthabwala. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chofulumira: mwana asangosowa pasukulu. Yunivesite ili ndi malamulo ake. Wophunzira amene wangochoka osatsanzika, mayeso n'kumudutsa, amaoneka ngati wathawa ndipo malo ake akhoza kutayika. Koma amene walemba kalata yofotokoza kuti waima kaamba ka ndalama kapena matenda amatha kusungiridwa malo n'kudzapitiriza. Kusiyana kwa awiriwa ndi pepala limodzi basi. Kwerani naye minibasi yodzera ku Balaka ndi ku Liwonde, mukafike ku ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Akakuuzani ngati n'kotheka kuti abwerere m'kalasi pompano kapena alembe kalata yosungitsa malo. Mutenge chikalata cha kuchipatala, ndipo pa kalata iliyonse imene mwapereka musunge ina yofanana nayo yodindidwa. Musaope kuti simudziwa Chingerezi. Anthu a m'maofesiwo ndi ana a amayi ngati inu nomwe. Mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Za maphunziro awiri amene sadakhozewo zisakuthyoleni msana. Pali mayeso apadera amene anawo amati sapu, palinso kubwereza phunziro kapena chaka, malinga ndi mmene wakhozera enawo. Akafunse bwinobwino kwa aphunzitsi ake. Kuchedwa si kulephera. Mu 2011 sukulu yomweyi, panthawiyo ikutchedwa Chancellor College, idakhala miyezi yambiri osaphunzitsa kaamba ka mkangano wa ufulu wa aphunzitsi. Mu 2020 sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ana a zaka zimenezo adachedwa, koma ochuluka adamaliza ndipo digiri yawo silembedwa kuti yochedwa.

Chachitatu, ndalama. Simudanene ngati mwanayu amalandira ngongole ya boma. Kuyambira 2015 kuli bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'sukulu zaukachenjede, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Limathandiza pa fizi ndi pa ndalama yodyera. Mwana wa mayi wamasiye wolima mpunga ndi amene bungweli lidakhazikitsidwira. Ngati sadafunsire kapena adakanidwa, afunse ku ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira njira yofunsiranso, ndipo asunge chikalata cha imfa ya bambo ake ndi kalata ya amfumu. Dziwani kuti imeneyi ndi ngongole, adzabweza akamaliza kuti ang'ono ake adzathandizidwenso. Kagogodeninso ku ofesi yosamalira anthu ku Dedza boma, kwa phungu wa dera lanu ndi kumpingo kwanu. Mukakolola musagulitse mpunga wonse kwa mavenda pamtengo wolira. Patulani wina, pamodzi ndi ufa, nyemba ndi usipa wouma, muzimutumizira. Chakudya cha kumudzi chimakhalitsa kuposa ndalama ya pafoni. Iye apeze anzake awiri kapena atatu aulemu, azigawana chipinda ndi mphika.

Kwa mwininyumba pitani mwaulemu, muli ndi mboni, makamaka mmodzi wa atsogoleri a bungwe la ophunzira. Musathyole loko, mungasanduke olakwa ndinu. Perekani kangachepe kamene muli nako, mulemberane za mmene mudzamalizire, ndipo mupemphe mabuku ndi ziphaso za mwana. Akavuta, ku Zomba komweko kuli ofesi ya Legal Aid Bureau imene imathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo.

Bambo wagalimotoyo adziwe kuti dziko lino lili ndi lamulo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu ndi nkhani zachiwerewere iye asakufuna, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipira K1 miliyoni ndi kukakhala kundende zaka zisanu. Mwana asafufute mauthenga a pafoni, ndiwo umboni. Akapitiriza, kaneneni kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Tsopano kwa atsibweni. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwinimbumba sanyozedwa, ndipo inunso musakangane nawo pagulu. Koma malamulo aakulu a dziko lino amanena poyera kuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja, kaya ndi wamkulu. Mnyamata wansombayo sindikumunyoza, geni ndi ntchito. Ngati amamukondadi adikira. Banja lolowa pothawa ngongole ya lendi silichedwa kusanduka ngongole ina. Akumbutseni atsibweniwo kuti dera lanu lidatchuka dziko lonse lapansi chifukwa cha malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu. Mayi ameneyo asanalowe ufumu adagwira ntchito zaka zambiri pakoleji ina ku Zomba komweko, ndipo ankadziwa chimene sukulu imachita pa mwana wamkazi. Tingamulanditse mwana ku ukwati ali Sitandade 7 kuti tidzamupereke tokha ali chaka chachiwiri kuyunivesite? Udindo wa mwinimbumba si kulandira nkhuku ya chinkhoswe kokha. Apempheni akuperekezeni ku Zomba akaone okha kumene mphwawo amagona. Akabwerako aitanitse abale, aliyense anene chimene azisonkha pamwezi, wina ndowa ya chimanga, wina ya sopo. Mutu umodzi susenza denga.

Oseka asiyeni aseke. Omwewo ndi amene adzabwere ndi makalata oti awawerengere.

Ndimalize ndi inu makolo nonse a ku Mua, Golomoti, Mtakataka ndi kwina konse amene muli ndi ana m'sukulu zimenezi. Mwana akamaimba foni n'kunena kuti zonse zili bwino, musakhutire msanga. Ana ochokera kumudzi amabisa mavuto poopa kukhumudwitsa anthu amene adawavinira. Mufunseni kuti wadya chiyani lero, lendi walipira mpaka liti, mayeso apitawa adayenda bwanji. Dziwani dzina la mnzake mmodzi wogona naye. Ndipo mumuuze mawu awa asananyamuke: zikakuvuta unene msanga, sitikukalipira. Mbuzi yachiwiri muisunge, idzaphedwe tsiku la gauni.

Amayi, mukabwerako ku Zomba mundilemberenso.

Ndine wanu,
Gogo Namwino.