Thilaki ikagona pa roundabout, funsani amene anaipakila

Mu Lusaka muno nkhani ya thilaki yogwa yakhala ngati ya kuzima kwa malaiti: tidandaula lelo, mawa taiwala. Thilaki ikagona cam'mbali pa roundabout kapena pa kona ina ya mseu wa Lumumba, zotsatila zake tizidziwa tonse. Mseu utsekeka, maminibasi ayamba kudulila m'makomboni, zithunzi zizungulila pa WhatsApp, ndipo pofika madzulo mlandu waweluzidwa kale pa siteshoni: “Ba dalaiva anali kuthamanga maningi.” Wina awonjezelapo kuti anali atamwa, ngakhale sanawaone n'komwe.

Ciweluzo cimeneci ine cimandivuta. Imwe amene mupita pa Kafue Roundabout kapena pa Kabwe Roundabout masiku onse, munaonapo thilaki yodzala ikuthamanga pamenepo? Imayenda ngati kamba, wa njinga n'kuipitilila. Nanga igwa bwanji?

Liwilo lili nawo mlandu, zoona, koma ni liwilo locepa kuposa limene ambili tiganiza. Galimoto iliyonse ikamakhota, pali mphamvu imene imaikankhila kunja kwa kona. Ni ija imene imakupanikizani pa phewa la mnzanu mu minibasi. Mphamvu imeneyi siikula pang'onopang'ono monga mmene liwilo likulila. Mukawilikiza liwilo kawili, iyo ikula kanayi. Dalaiva amene alowa pa kona na 40 m'malo mwa 30 aona ngati wawonjezela pang'ono cabe, koma mphamvu yokankha katundu wake yatsala pang'ono kuwilikiza kawili. Ka Corolla n'kafupi, kulemela kwake kuli pansi, ndiye matayala amayamba kutelela kasanaganize zogudubuka. Thilaki yodzala matayala amagwila tala bwinobwino, cimene cimapita ni ca pamwamba. Mainjiniya amawelengela kuti thilaki yopakilidwa mokwela ingagwe pamene mphamvu ya m'mbali yafika pa gawo limodzi cabe mwa magawo atatu a kulemela kwake, pamene galimoto yaing'ono imafuna mphamvu yolingana na kulemela kwake konse.

Manje apa ndiye pali nkhani. Mathilaki akulu onse m'lifupi ni cimodzimodzi, mamita awili na hafu kapena kuposako pang'ono. Cimene cisintha ni pamene kulemela kwakhala. Onani mathilaki a kopa ocokela ku Copperbelt kapena ku Kasumbalesa. Mitolo ya kopa imakhala pansi pa thilela, yomangidwa na macheni, ndipo munthu wosadziwa angati thilakiyo yanyamula theka, pamene yafika kale pa matani ake. Ndiye onani lole ya malasha imene ilowa m'tauni m'mamawa kucokela ku mseu wa Mumbwa kapena ku Chongwe: masaka aunjikidwa kupitilila kabini, ena atulukila m'mbali, onse agwilidwa na nthambo zimene zaona mvula zaka zingapo, pamwamba pakhala anyamata awili. Ya cimanga nthawi yogulitsa mbeu n'cimodzimodzi, ya thonje na ya mapulanga nazonso. Wa kopa angakhote pamene wa malasha sangakhote, ngakhale wa malasha ndiye wopepuka.

Ndiye funso langa n'lakuti, ndani m'dziko muno amene nchito yake n'kuona mmene katundu wakhalila? Ba RDA ali na masikelo, monga ya pa Kafue na ya pa Kapiri Mposhi. Amapima kulemela kwa pa ekiselo iliyonse, na kuona kuti thilaki yonse siinapitilile matani 56. Nchito imeneyi ni yabwino, koma colinga cake n'kuteteza mseu kuti usaphwanyike. Sikelo siiuza munthu ngati matani aja ali pansi kapena ali m'mwamba. Ba RTSA amapima fitinesi, koma thilaki imapita kukapimidwa ilibe katundu. Pa roadblock apolisi afuna laisensi, inshuwalansi na matrayango. Thilaki ingapambane mayeso onsewa n'kukagona pa kona yoyamba, cifukwa cimene cidzaigwetsa cinacitika kale ku yadi, pamene munthu wina anati, “Ikani masaka ena makumi awili, malo alipo pamwamba.”

Pali katundu wina amene ngakhale dalaiva mwini sauona. Kontena yocokela ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban imabwela yotsekedwa na siilo. Mapepala akamba kulemela kwake, koma sakamba kuti makina olemela anawakankhila mbali imodzi, kapena kuti mabokosi olemela ali pamwamba pa opepuka. Ndipo kontena ifunika kukhomedwa pa thilela na maloko a m'makona onse anayi. Mukaona kontena pa thilela yosapangidwila makontena, yagwilidwa na lamba mmodzi kapena awili, patukani.

Matanka nawo ali na vuto lao. Ambili tiganiza kuti tanka yodzala ndiye yoopsa, koma imene ili theka ndiye imavuta kuyendetsa. Aliyense amene ananyamulapo baketi ya madzi yosadzala kucokela pa pompi adziwa mmene madzi amamenyela uku na uku mpaka kukupendeketsa. M'tanka muli zipupa zogawa, koma zambili zimaletsa mafuta kuthamangila kutsogolo na kumbuyo. Kuthamangila m'mbali kumatsala. Kucokela pamene Indeni inaleka kuyenga mafuta, ndipo paipi ya TAZAMA inayamba kubweletsa dizilo mu 2023, petulo yathu imadalila matanka a pamseu. Ndiye kuti matanka amenewa tikhala nao, m'miseu imodzimodzi na ana a sukulu.

Cina cimene anthu a pa siteshoni saganizila n'cakuti dalaiva wa hosi na thilela nthawi zambili samva kuti kumbuyo kwayamba kunyamuka. Iye ali kutsogolo pa mpando wa masipuling'i, hosi ili pansi bwinobwino, pamene matayala a thilela a mkati mwa kona ali kale m'malele. Akamamva, thilela yayamba kale kupotola hosi. Kwa aja okoka mathilela awili zimaipilatu: siteling'i ikagwedezeka pang'ono kutsogolo, thilela yothela imakwapuka ngati nsonga ya cikoti.

Roundabout payokha ni msampha kwa thilaki yotele. Popeza tiyendela kumanzele, dalaiva amakhotela kumanzele polowa, kumanja pozungulila, kumanzelenso potuluka. Katatu m'mamita ocepa, ndipo katundu amapendekela uku, abwelela uko, abwelelanso, nthawi iliyonse mwamphamvu kuposa poyamba. Manje ikaniponi dalaiva wa minibasi amene waona pasenja m'mbali, wadula kutsogolo kwa thilaki n'kuima. Wa thilaki ali na njila ziwili: kuponda minibasi ya anthu khumi na asanu na mmodzi, kapena kupotoza siteling'i mwadzidzidzi. Ambili amapotoza. Mawa pa zithunzi tiona thilaki yogona, minibasi ija siionekapo, inapita kale ku Kulima Tower. Na ife a tumagalimoto tating'ono sitisiyana kwenikweni. Tikonda kudzipanikiza pambali pa thilela pa roundabout kuti tipulumutse masekondi asanu, pamalo penipeni pamene katundu angatele.

Miseu yathu iwonjezela zake. M'mbali mwa tala malo ambili munadyeka, pali citepe, ndipo mvula ikagwa dothi la m'mbali limafewa. Tayala la thilela yodzala likatsikila pamenepo, mbali imodzi imamila, dalaiva akayesa kubwelela pa tala mwamsanga, basi yagona. Kunja kwa tauni vuto ni mapili. Pa Kapiri Ngozi popita ku Chirundu, pa Manenekela mu Great East Road, pa Munali Hills popita ku Mazabuka, dalaiva amene atsika na giya yaikulu akudalila buleki ya phazi amafika pa kona ya pansi mabuleki atapsa. Madalaiva akale amakamba kuti phili utsike na giya imene unakwela nayo. Wacinyamata amene anapatsidwa makiyi mwezi watha cifukwa savuta pa malipilo, ndani anamuuza?

Sindikuti madalaiva onse ni angelo. Alipo oyendetsa foni ili kukhutu, alipo ogona pa siteling'i. Koma tiyeni tione mmene nchito yao ilili. Munthu wakhala masiku pa mzele wa pa Nakonde kapena pa Kasumbalesa, alawansi yatha, bwana aimba foni ola lililonse kufunsa kuti wafika pati. Pa yadi akaona kuti katundu wakwela kwambili, kapena kuti sipuling'i imodzi yathyoka ndipo thilela yapendekeka, angakane kunyamuka? Pa geti pali anzake asanu na malaisensi m'manja. Ngozi ikacitika, amene aima m'khoti ni iye. Amene analamula kuti masaka awonjezeledwe ali mu ofesi, akambilana na a inshuwalansi.

Makina othandiza alipo. Mathilaki atsopano ali na kompyuta imene imamva kuti galimoto yayamba kupendekeka, n'kucepetsa mphamvu ya injini na kumanga mabuleki yokha dalaiva asanazindikile. Ku America lamulo linayamba kufuna makina amenewa pa mahosi atsopano mu 2017. Koma kuno ambili tigula mahosi a salaula, ndipo thilela ingakhale yakale kuposa dalaiva wake. Kulinso lamulo la mu 2018, Statutory Instrument nambala 7, lakuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemela monga kopa, simenti, shuga, malasha a miyala na mafuta aziyenda pa njanji. Aliyense amene wayendapo pakati pa Kabwe na Kapiri Mposhi angakambe yekha ngati mathilaki anacepa. Mseu wa mbali ziwili wa Lusaka–Ndola ukatha udzacepetsa kuwombana maso na maso, koma mseu wosalala suzatsitsa saka limodzi pa lole ya malasha. Udzangoipatsa mpata wofika pa kona na liwilo lalikulu.

Zimene ningakonde kuona si za mamiliyoni. Pa masikelo pamene mathilaki amaima kale, pakhale munthu wa RTSA amene azungulila thilaki, kuona malamba, macheni, maloko a kontena na kutalika kwa mulu, ndipo akhale na mphamvu yoti, “Tsitsani mizele iwili.” Thilaki ikagwa, ofufuza asamathele pa dalaiva; afunse kuti inapakilidwa kuti, ndani anasaina, ndipo dzina la kampaniyo lilembedwe mu lipoti. Pa makona na ma roundabout amene mathilaki amagwapo kawilikawili, amene apolisi a trafiki awadziwa pamtima, paikidwe cikwangwani ca thilaki yopendekeka na nambala ya liwilo la mathilaki okha, cifukwa 40 ya Corolla na 40 ya tanka n'zosiyana. Ndipo ba khansolo aganize bwino za amai ogulitsa tomato na zitumbuwa m'mphepete mwa Lumumba pafupi na City Market, amene akhala tsiku lonse mamita ocepa kucokela pa matayala a mathilela. Kuwathamangitsa cabe sikuthandiza, abwelela mawa. Mathilaki ongopyola, amene alibe cotsitsa m'tauni, ndiwo afunika kupatsidwa njila ya kunja na kukakamizidwa kuitsata.

Kwatsala khalidwe lathu lija la kuthamangila pamalo a ngozi na masaka na zigubu. Ikagwa ya moba kapena ya unga timaseka, ati Mulungu wakumbuka komboni, pamene dalaiva akali wopanikizika mu kabini. Koma miyendo imene izolowela kuthamangila unga idzathamangilanso petulo. Petulo ikatayika, nthunzi yake imayenda pansi patali na pamene yagwela, ndipo ndudu imodzi kapena waya wa batili ni wokwanila. Ku Sange, kum'mawa kwa Congo, mu July 2010 tanka inagudubuka, anthu anabwela kudzatunga, ndipo oposa 200 anafa. Mu August 2019 zinacitikanso ku Morogoro m'dziko la Tanzania, kumene anthu oposa 60 anapsa tsiku lomwelo, ena n'kukafela ku cipatala, ambili a iwo anyamata a njinga zamoto amene anabwela na zigubu. Morogoro ili pa mseu umodzimodzi wocokela ku Dar es Salaam, umene matanka athu amapitamo asanafike pa Nakonde n'kutsika na Great North Road kudzalowa mu Lusaka.