Tisanagule masensa, tiyambe tafunsa za mawotchi ake

Aliyense amene anachulukitsapo mbewu ya chimanga cha haibulidi amadziwa kuti ntchito yonse yagona pa kukumana kwa masiku. Mizere yachimuna ikawaza mungu ndevu za mizere yachikazi zisanatuluke, munda umaoneka wobiriwira bwino, koma pokolola njere zimapezeka patalipatali. N'chifukwa chake timabzala mizere yachimuna pamasiku osiyana. Chodabwitsa n'chakuti ife tomwe, tikamagula masensa opanda mawaya oika m'minda yoyesera mbewu, m'zowumitsira ndi m'nkhokwe, timafunsa za mtengo, za batire ndi za kutalika kwa mtunda womwe uthenga ungafike, koma za mawotchi ake sitifunsa. Tikuona kuti funso limeneli liyenera kukhala patsogolo, chifukwa chiwerengero cha kutentha kapena chinyezi chomwe nthawi yake ndi yokayikitsa sichingaime ngati umboni.

Kachipangizo kalikonse pa netiweki kali ndi wotchi yakeyake. Zambiri zimadalira kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Timiyala totchipa timaphonya ndi magawo pafupifupi 20 pa miliyoni, kutanthauza masekondi 1.7 patsiku. Masensa awiri, ina yothamanga ina yotsalira, angathe kusiyana ndi mphindi pafupifupi 7 pakutha kwa masiku 120, omwe ndi moyo wonse wa chimanga chocha msanga. Kutentha nako kumawonjezera vuto. Kamwalaka kanasulidwa kuti kaziyenda bwino pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera kapena kutsika kamachedwa. Sensa yomwe ili m'kabokosi padzuwa la Okutobala ku Chigwa cha Shire kapena ku Luangwa, mkati mwake mukafika madigiri 45, imachedwa pa liwiro loposa sekondi imodzi patsiku poyerekeza ndi inzake yomwe ili pa madigiri 25.

Ena anena kuti mphindi 7 n'zosadetsa nkhawa kwa mlimi, ndipo m'munda akunena zoona. Chinyezi cha m'nthaka sichisintha pa mphindi zochepa chotero. Koma tiyerekeze chowumitsira mbewu. Chimanga cha mbewu timachiwumitsa ndi mpweya wosapitirira kwambiri madigiri 40, apo ayi mtima wa njere umapsa. Magetsi athima usiku, jenereta yalira, ndipo patapita milungu labotale yapeza kuti kameredwe katsika pansi pa 90 pa 100. Sensa ina inalemba nthawi yomwe fani inaima, ina inalemba nthawi yomwe kutentha kunakwera, ina ya pajenereta inalembanso yake. Chinayamba n'chiti? Ngati fani ndiyo inayamba kuima, nkhani ili pa magetsi. Ngati kutentha kunakwera fani ikuzungulira, nkhani ili pa ng'anjo ndi pa amene ankaiyang'anira. Kusiyana kwa mphindi zisanu kungathe kutembenuza mndandanda wonsewo, ndipo matani a mbewu, ndalama za inshuwalansi ndi ntchito ya munthu zimaweruzidwa pa mndandanda wolakwika.

Vuto lalikulu kuposa kutsetsereka kwapang'onopang'onoku ndi wotchi yoiwala. Masensa ambiri otchipa, batire ikachotsedwa, amabwerera pa tsiku lawo loyambira, nthawi zambiri 1 Januwale 1970 kapena 1 Januwale 2000, n'kupitiriza kulemba ngati palibe chachitika. Wosanthula akadzatsegula zolembedwazo miyezi itatu pambuyo pake, amayamba kulingalira tsiku lomwe batire inasinthidwa, n'kukoka manambala ndi manja kuti agwirizane. Pamenepo sayansi yatha, kwatsala kulosera.

Palinso nkhani ya malire a mayiko, yomwe ikutikhudza ife ochita malonda m'chigawo chino kuposa ena onse. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo. Tanzania ili maola atatu patsogolo, Angola ola limodzi, pamene Democratic Republic of Congo ili ndi nthawi ziwiri, ya ku Kinshasa ndi ya ku Lubumbashi. Dongosolo la SADC ndi la COMESA limalola mtundu wa mbewu womwe wavomerezedwa m'mayiko awiri kulowa m'kaundula wa chigawo, choncho zotsatira za ku Mbeya, ku Chipata ndi ku Chitedze zimaikidwa patebulo limodzi. Mungu wa chimanga umawazika kwambiri m'mawa, ndipo umafooka kutentha kukapitirira madigiri 35. Tikafuna kudziwa ngati mbewu inapiriradi kutentha pa nthawi ya ngayaye, tiyenera kudziwa ola lomwe kutenthako kunafika. Ola limodzi losokonekera pakati pa malo awiri lingachititse mbewu wamba kuoneka yopirira.

Njira zothetsera zonsezi zilipo kale, ndipo si zatsopano. Makompyuta akhala akugwirizanitsa mawotchi awo kudzera pa NTP, yomwe David Mills anayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Poti masensa a batire sangathe kumangolankhulana nthawi zonse, akatswiri anawakonzera njira zawo: RBS mu 2002, TPSN mu 2003 ndi FTSP mu 2004. Mwa FTSP, kachipangizo kamodzi kamakhala mtsogoleri n'kumaulutsa nthawi yake, ndipo tinzake timaphunzira osati nthawi yokha komanso liwiro lomwe wotchi yawo ikutsetserekera, kotero kuti timadzikonza tokha ngakhale uthenga utachedwa. Mtsogoleriyo akafa, kena kamalowa m'malo. Pa LoRaWAN, yomwe ikufala m'mafamu, sensa ingathe kufunsa nthawi ku netiweki, ndipo gateway yokhala ndi GPS imadziwa nthawi yolondola ngakhale intaneti itaduka.

Ogulitsa ena amakonda kutionetsa kuti makina awo amagwirizana mpaka kachigawo ka miliyoni ka sekondi. Kulondola kotero n'kothandiza kwa wailesi ya masensa opatsirana uthenga, omwe amagona nthawi yaitali n'kudzuka limodzi kwa kamphindi. Mawotchi akasemphana, wina amalankhula mnzake ali mtulo, kapena onse amadikirirana mpaka batire kutha msanga. Imeneyo ndi ntchito ya mainjiniya. Ife tisalipire ndalama zambiri chifukwa cha nambala yomwe mbewu siidziwa. Chomwe tikufuna n'chakuti wogulitsa alembe m'pangano kuti masensa ake sasiyana kuposa sekondi imodzi nyengo yonse, padzuwa ndi pamthunzi pomwe, ndiponso kuti sensa ikataya nthawi izidzinenera poika chizindikiro pa chilichonse chomwe yalemba kufikira itakonzedwa.

Mbali yotsalayo ili m'manja mwathu ndipo siifuna ndalama. Makampani a m'bungwe lino angagwirizane kuti zolemba zonse za masensa zizisungidwa mu UTC, nthawi ya kumaloko izionekera pongowerenga basi, ndiponso kuti chiwerengero chilichonse chizikhala ndi nthawi ziwiri: yomwe sensa inayeza ndi yomwe uthenga unafika. Mlangizi wosintha batire azilemba tsiku ndi ola m'buku lomwe lija timalembamo tsiku lobzala ndi lothena ngayaye, ndipo oyendera minda aziliona bukulo asanasaine.