Mabwinja a pa Fura: chipata cha ufumu wa Mwenemutapa

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Bindura kupita ku Mount Darwin, m'chigawo cha Mashonaland Central, amaona phiri lalitali lomwe anthu akale ankalitcha Fura. Pamwamba pake pali zotsalira za malinga amiyala, ndipo m'minda ya m'munsi mwake khasu limafukula mikanda ndi mapale a mbale za ku China. Kumeneku ndi kumene kunali Masapa, chipata cha ufumu wa Mwenemutapa.

M'zaka za m'ma 1500, amalonda a Chipwitikizi ankachoka ku Tete ndi ku Sena atasenzetsa anthu nsalu ndi mikanda, kudzasinthanitsa ndi golide ndi minyanga ya njovu. Koma sankangolowa m'dziko ngati mopanda mwini. Pa Masapa pankakhala mkulu wotchedwa Kapitawo wa Zipata. Amalonda anzake ndiwo ankamusankha, koma udindo wake unkayamba pokhapokha mfumu itavomereza. Wansembe João dos Santos, m'buku lake la mu 1609, analemba kuti pa nsalu 20 zilizonse, imodzi inkapita kwa mfumu ngati msonkho, ndiponso kuti Apwitikizi sankaloledwa kukwera phiri la Fura. Mwini dziko ndiye ankagwira chitseko.

Zinthu zinasintha pamene nkhondo za m'banja lachifumu zinakula. Mfumu Gatsi Rusere, pofuna kugonjetsa oiwukira, inapempha mfuti za Apwitikizi, ndipo mu 1607 inawapatsa migodi ya m'dziko lake. Chaka chotsatira, Muzura, mfumu ya Amaravi, anatumiza ankhondo pafupifupi 4,000 kuwoloka Zambezi kudzathandiza pa nkhondoyo. Motero anthu ochokera kutsidya kwa mtsinjewu anaponda dera lino zaka mazana atatu ntchito za m'mapulazi a fodya zisanayambe kukoka anthu a ku Nyasaland.

Akulu akale amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu sanakamuke. Mu 1629 Apwitikizi anathandiza Mavura kulanda ufumu kwa Kapararidze, ndipo Mavura anavomera kukhala pansi pa mfumu ya ku Portugal. Kuyambira pamenepo amalonda ankayenda paliponse, kumanga malinga awoawo adothi ndi mitengo, ndi kukakamiza anthu kukumba golide mpaka midzi yambiri inatha. Chipata chinatsala dzina lokha.

Mapeto anafika mu 1693. Changamire Dombo, mtsogoleri wa a Rozvi, anathira nkhondo msika wa Dambarare, pafupi ndi mgodi wa Jumbo ku Mazowe, n'kupha Apwitikizi amene anali kumeneko. A ku Masapa atamva mbiriyi anathawira ku Tete. Malowo anamera thengo, mpaka anthu anaiwala pomwe msika unali.

Nthaka yokha ndiyo inasunga umboni. Mu 1967 Peter Garlake anafukula pa Dambarare n'kupeza maziko a tchalitchi ndi manda. Pambuyo pake Innocent Pikirayi anafukula pa famu ya Baranda, pafupi ndi Fura, ndipo kuchuluka kwa mikanda ndi mbale zakunja kunamuchititsa kunena kuti pamenepo ndiye panali Masapa.

Lero mdani wa mabwinjawa si nkhondo. Ofuna golide amakumba maenje pa malo akale poganiza kuti Apwitikizi anakwirirapo chuma, ena amaphwasula malinga kuti apeze miyala yomangira makola, ndipo pulawo imaphwanya zomwe zagona m'nthaka zaka 400. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake, akatswiri sangathenso kudziwa zaka zake kapena anthu amene ankachigwiritsa ntchito.

Lamulo la Zimbabwe limateteza malo oterewa kudzera m'bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe. Mlimi akapeza mikanda, mapale kapena mafupa m'munda mwake, ayenera kuleka kukumba, kuika chizindikiro pamalopo, ndi kudziwitsa mfumu ya m'dera, mlangizi wa zaulimi kapena bungweli. Alangizi nawonso angachite bwino kukambapo za nkhaniyi pamisonkhano ya alimi. Chipata cha Masapa chinagwa eni ake atasiya kuchilondera. Zotsala zake tsopano zili m'manja mwa amene amalima pamenepo.