Mowa wokoma ngati chokoleti ndi mowa ndithu

Pa Khirisimasi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi mabotolo atatu a mowa wachilendo. Titakhala pansi pa mtengo wa mango anatsegula limodzi nati, "Amalume, talawani uwu mundiuze."

Unali wakuda bii ngati khofi wopanda mkaka, thovu lake lofiirira. Ndisanamwe n'komwe, fungo la chokoleti linandifika m'mphuno. Pakamwa unayamba ndi kutsekemera, kenako kunabwera kuwawira kwa chimanga chokazinga chimene chapsererako pang'ono. Sindikubisirani, ndinaukonda. Si mowa wogugudiza ayi, ndi womwa pang'onopang'ono uku mukucheza.

Mowa wotere amafulula ndi makampani ang'onoang'ono a ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America. Amayi ofulula masese amadziwa kuti mwini kukoma ndi chimera. Kumenekonso n'chimodzimodzi: amakazinga chimera cha balere mpaka chide, ndipo fungo la chokoleti limachokera pamenepo. Ena amathiramo koko weniweni, enanso shuga wa mumkaka amene sasanduka mowa, choncho kutsekemera kumatsala.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kachasu amachenjeza yekha, chifukwa amawotcha pakhosi munthu n'kuchita tsinya. Mowa wotsekemera suchenjeza. Nditatembenuza botolo ndinapeza palembedwa 8%. Mowa umene tinazolowera, monga 2M kapena Manica, mphamvu yake ndi pakati pa 4 ndi 5 peresenti. Ndiye kuti botolo limodzi limene ndinamwa ngati chakumwa cha ana linali pafupifupi mabotolo awiri a mowa wamba. Ndinazindikira podzuka, miyendo italemera. Ndipo mowa wa chokoleti sufanana wonse: Young's Double Chocolate Stout wa ku England ndi 5.2%, pamene Black Chocolate Stout wa ku Brooklyn, ku America, amafika 10%. Lilime silingakuuzeni kusiyana kumeneku, chimene chingakuuzeni ndi nambala ya pa botolo.

Ife a chigawo cha Tete tikudziwa kuti lilime si dokotala. Mu Januwale 2015 ku Chitima anthu 75 anamwalira atamwa pombe pamaliro. Ufa wofululira unali ndi poizoni wochokera ku tizilombo, poizoni wopanda fungo ndi wosamveka pakamwa. Nkhani yake ndi ina, koma phunziro ndi lomwelo: kukoma si umboni woti chinthu chilibe vuto.

Chimene chinandiopsa tsiku limenelo n'china. Mdzukulu wanga wa zaka 6 anamva fungo lija n'kutambasula dzanja: "Agogo, ndigawireniko chokoleti." Mwana ameneyu kachasu amamuthawa, koma uwu akanaumwa tikanangotembenuka. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo mowa wochepa chabe ungathe kutsitsa shuga wa m'magazi mwake mpaka kukomoka. Lamulo la dziko lathu limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18, koma pakhonde pathu wapolisi ndi ife makolo.

Ena adzati chokoleti chimathandiza mtima, choncho mowa wa chokoleti ndi mankhwala. Musanamizidwe. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi. Chiwindi sichimva fungo la koko, chimangolimbana ndi mowa basi. Mayi woyembekezera asalawe, pakuti chimene wamwa chimafikanso kwa mwana m'mimba. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu aupewe, chifukwa mankhwalawo ndi mowa zonse zimalemetsa chiwindi. Odwala shuga, odwala BP ndi amene ali pa ma ARV ayambe afunsa kuchipatala.

Maganizo anga ndi awa. Ngati simumwa, kukoma kwa chokoleti kusakuyambitseni. Ngati mumamwa ndipo mwana wanu wabwera nawo kuchokera ku Joni, werengani kaye nambala ya pa botolo, idyani nsima musanamwe, gawanani botolo limodzi anthu awiri, ndipo muike otsalawo pamene ana sangafikire. Mukamwa, njinga yamoto igone.

Mlendo wathu uja madzulo ake anafuna kuthamangira kumsika pa njinga yamoto. Ndinamulanda makiyi, ndipo anadandaula kuti, "Amalume, ndangomwa chokoleti." Ndinamuyankha kuti msewu sudziwa chokoleti. Anagona pakhomo, ndipo tchuthi chitatha anabwerera ku ntchito ali bwinobwino.