Mowa wa paunyamata umakatha bwanji munthu akakula?

Pali mawu awiri omwe timakonda kunena m'mabanja mwathu nkhani ikafika pa mowa, ndipo onse timawanena ndi mtima wabwino. Mnyamata akamabwera usiku ali dzandidzandi, azakhali amati, "Musiyeni, n'chinyamata chimenecho, akakwatira adzasiya." Bambo wachikulire yemwe adasiya mowa kalekale akakana botolo pa chinkhoswe, anzake amati, "Inunso achimwene, zaka zonsezi? Ingolawani, kamodzi sikapha." Mawu oyambawo nthawi zina amapherezera. Achiwiriwo agwetsa anthu ambiri omwe adali ataima bwinobwino.

Kuti udziwe kumene kamwedwe ka munthu kamakathera, uyenera kumutsata kuyambira ali mnyamata mpaka atachita imvi, ndipo ntchito yotero ndi ochepa adaipirira. Ku America, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ofufuza adali atayamba kale kulemba za moyo wa anyamata 268 ophunzira pa yunivesite ya Harvard, ndiponso anyamata ena 456 a m'madera osauka a mzinda wa Boston. Adawatsata zaka makumimakumi, akuwafunsa mafunso, kuwapima m'thupi ndi kuona mmene mabanja ndi ntchito zawo zikuyendera. George Vaillant, dokotala wa matenda a maganizo yemwe adadzatsogolera ntchitoyi, adatulutsa zomwe adapeza pa nkhani ya mowa m'buku la The Natural History of Alcoholism mu 1983, ndipo mu 2003 adalembanso za amuna omwewo atawatsata zaka 60.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa zomwe adapeza n'chakuti amuna omwe mowa udali utawagwira kale, akayesa kubwerera ku kumwa pang'onopang'ono ngati anthu ena onse, sankapita nako patali. Pakatha zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, ambiri ankapezeka atabwerera ku uchidakwa, apo ayi atangosiyiratu. Pamene munthu yemwe wakhala zaka zisanu osalawa ngakhale dontho, kawirikawiri sankagwanso. China n'chakuti amene ankasiyiratu ambiri adali omwe mowa udawazunza koopsa, ndipo amuna a m'madera osauka aja ankasiyiratu kuposa anzawo ophunzira a ku Harvard. Ophunzirawo, ngakhale adali ndi malipiro ndi ulemu, ankangopitiriza kumwa mowononga chaka ndi chaka, moyo n'kumafupika.

Apa ndi pamene ndimaganiza za kwathu kuno. Dzina loti chidakwa timalisungira munthu wa kachasu yemwe wagona m'ngalande nsapato imodzi itatayika. Bwana wovala tayi yemwe amayamba Lachisanu masana n'kudzalekeza Lamulungu usiku, yemwe malipiro ake amatha sabata yoyamba ya mwezi, timangoti amakonda kucheza. Munthu wotere amatha kufika zaka 55 popanda womuuza zoona, chifukwa ntchito akupita, galimoto akuyendetsa, chopereka ku tchalitchi akupereka. Chiwindi chokha ndicho chimawerengera.

Komabe azakhali aja sadalakwitse kotheratu, ndipo sindikufuna kholo lililonse liwerenge izi n'kutaya mtima pa mwana wake. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America komweko, yemwe adafunsa anthu oposa 43,000 mu 2001 ndi 2002, adaona anthu omwe m'mbuyomo mowa udawalowerera. Mmodzi yekha mwa anayi aliwonse ndiye adali akadali mumsampha womwewo. Pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse adali atasiyiratu, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi ankamwa pang'ono popanda vuto looneka. Ambiri mwa anthuwa sadapiteko kuchipatala kapena kwa aphungu. Moyo ndi umene udawasintha: ntchito yofuna kudzuka m'mamawa mutu uli bwino, mwana wofuna mkaka ndi fizi, mkazi kapena mwamuna woyembekezera kunyumba. Choncho n'zoona kuti achinyamata ambiri amauleka okha mowa wa mapwevupwevu akamakula.

Koma ofufuzawo atabwereranso kwa anthu omwewo patatha zaka zitatu, adapeza kuti mwa osiyiratu aja, pafupifupi 7 mwa 100 aliwonse ndiwo vuto lidawabwerera, pamene mwa omwa pang'ono aja adali 27 mwa 100 aliwonse. Kumwa pang'ono kumatheka kwa ena, makamaka omwe sadafike patali, koma ndi njira yoterera kuposa kusiyiratu.

Tsono mawu oti "akakwatira adzasiya" ali ndi zovuta ziwiri kwathu kuno. Choyamba, zinthu zomwe zimakhwimitsa mnyamata zikuchedwa kubwera. Ali ndi satifiketi ya MSCE, ena dipuloma, koma zaka zikutha akungokhala pa depoti kapena pa khonde la golosale, ndipo palibe chomukakamiza kudzuka ali bwinobwino Lolemba m'mawa. Chachiwiri chimandipweteka kwambiri. Tikamati tim'pezere mkazi kuti asinthe, tikutenga mwana wa eni ake n'kumusandutsa mankhwala. Mnyamata akakhala kuti wangotengeka ndi anzake, banja limamubwezadi. Akakhala kuti mowa udamulowa kale m'thupi, mtsikana uja ndiye adzalandira zibakera, ngongole za ku shabini ndi mawu a apongozi oti akulephera kusamala mwamuna.

Kusiyanitsa awiriwa sikufuna digiri. Funsani ngati munthuyo amadzuka manja akunjenjemera mpaka atamwako kaye, chomwe timachitcha mwachibwana kuti kuchotsa matsire. Onani ngati akati amwa mabotolo awiri amaimadi pa awiri. Mvetserani ngati m'mawa amafunsa anzake zomwe adachita usiku chifukwa sakukumbuka. Onani ngati adalonjezapo kangapo kuti wasiya, mwina atagwira Baibulo, koma n'kubwereranso mwezi usanathe. Ndipo chenjerani ndi chinthu chomwe timachiyamikira pa malo omwera, choti uje ali ndi mutu wolimba, saledzera msanga. Munthu wosaledzera msanga amamwa wambiri kuti amve zomwe anzake amamva ndi wochepa, ndipo madokotala adaona kalekale kuti anthu otere, makamaka ngati bambo awo adalinso chidakwa, ndi amene mowa umadzawagwira kwambiri kutsogolo. Mbali ina ya vutoli imayenda m'magazi, ndiye pabanja pomwe agogo ndi amalume adatha ndi mowa, mwana sayenera kuyesa mwayi.

Msinkhu woyambira nawo ndi nkhani. Mu 1997 Bridget Grant ndi Deborah Dawson adasonyeza kuti oyamba kumwa asanakwane zaka 15 amadzagwidwa ndi mowa kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi omwe adayamba ali ndi zaka 20 kapena kupitirira apo. Ubongo wa mwana umakhala ukadakula mpaka kupitirira zaka 20, ndipo chomwe wauzoloweza nthawi imeneyo umachigwira mwamphamvu. Tikumbuke zaka za masacheti, pamene mwana wa pulayimale ankatha kugula mowa waukali ndi ndalama ya mandasi n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Zambia idaletsa masacheti ake otchedwa tujilijili mu 2012, kuno boma lidaletsa masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 tidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Zonsezo n'zabwino. Koma ana omwe adaphunzirira mowa pa masacheti aja lero ndi abambo a zaka za m'ma 20 ndi 30, ena ndi oyendetsa kabaza omwe timakwera tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo loletsa pulasitiki silidachotse ludzu lomwe lidabzalidwa mwa iwo. Timabotolo ting'onoting'ono ta mowa waukali tili paliponse, kachasu sadachoke, ndipo ngakhale lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, makolo ena akutumabe mwana kukagula mowa ndi chigubu.

Tibwere kwa amene adasiya. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo pa nkhani ya mowa mwambiwu uli ndi choonadi chomwe ambiri sitichimvetsa. Munthu yemwe mowa udamugwirapo, akasiya zaka 15, thupi limachira kwambiri, mafuta a m'chiwindi amatha kuchoka, tulo timabwerera, nzeru zimakhazikika. Koma ubongo umasungabe njira yakale ija. Botolo limodzi la pa ukwati kwa inu ndi botolo limodzi basi. Kwa iye likhoza kukhala khomo la miyezi isanu ndi umodzi ya kumwa usana ndi usiku, ndipo ambiri akabwerera sayambira pang'ono, amafika msanga pomwe adalekezera. N'chifukwa chake amayi a kunyumba kwake amachita mantha akaona anzake akale akumukokera pambali. Iwo akudziwa zomwe adadutsamo, inu mukungoona bambo wonenepa bwino yemwe akuoneka kuti sangavutikenso. Munthu akati "ine ndidasiya," palibe chifukwa chomufunsira kuti adasiyiranji, kapena kumunena kuti wayamba kudzimva chifukwa cha mpingo. M'patseni thobwa kapena Fanta, nkhani ipitirire.

Vaillant adaona zinthu zinayi zomwe zinkathandiza amuna aja kukhalabe osamwa: chinthu china cholowa m'malo mwa mowa, munthu kapena chinthu chowakumbutsa nthawi zonse, ubale watsopano ndi anthu omwe sadawapweteke m'mbuyomu, ndi gulu lowapatsa chiyembekezo, kaya la chipembedzo kaya la Alcoholics Anonymous, lomwe lidayamba ku Ohio mu 1935. Ndikaziona zinayizi ndimaona kuti mipingo ndi mizikiti yathu ili nazo kale. Kwaya, gulu la abambo, mapemphero a pakati pa sabata ndi ntchito ya kumanda zimadzaza madzulo omwe kale ankathera ku bawa. Pempho langa kwa atsogoleri ndi lakuti munthu akaterereka kamodzi musathamangire kumudula ndi kumuchititsa manyazi pamaso pa mpingo. Kugwa n'kudzukanso ndi mmene ambiri osiya mowa amayendera zaka zoyambirira, ndipo mukamuchotsa pagulu mwamulanda chinthu chomwe chimamugwira dzanja.

Nthawi yomwe sitiiganizira ndi ya ukalamba. Mwa okalamba omwe mowa ukuwavuta, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adayamba kalekale, ndipo otsalawo amayamba atakula. Zoyambitsa zake timazidziwa tonse. Munthu wapuma pantchito, ndalama za penshoni zabwera pakamodzi, tsiku latalika, ndipo palibenso bwana woti amununkhize m'mawa. Mayi a kunyumba omwe ankamuletsa atsogola. Ana ali ku Lilongwe, ena ku Joni, amangotumiza ndalama pafoni. Bambo yemwe adasiya ali ndi zaka 40 amatha kupezeka wayambiranso ali ndi zaka 63, ndipo abale timati asiyeni akuluakulu apumule, adagwira ntchito.

Thupi la zaka 63 silofanana ndi la zaka 30. Madzi m'thupi amachepa munthu akamakula, choncho mowa womwewo umakwera kwambiri m'magazi ndipo umachedwa kuchoka. Miyendo imakhala kale yofooka, ndiye kugwa kumodzi pobwera usiku kumathyola chiuno. Ambiri pa msinkhu umenewu ali pa mankhwala. Mowa umakweza BP n'kulimbana ndi mankhwala ake. Kwa wodwala shuga yemwe wamwa mankhwala koma osadya, mowa ukhoza kutsitsa shuga mpaka kukomoka, anthu n'kumaganiza kuti wangoledzera. Mankhwala a chifuwa chachikulu amalemetsa kale chiwindi, ndipo wa ma ARV akaledzera amaiwala kumwa pa nthawi yake. Vaillant adapezanso kuti kukhumudwa komwe timati ndiko kumamwetsa munthu, nthawi zambiri kumabwera chifukwa cha mowawo. Mkulu yemwe wakhala chete, sakudya, sakufuna kuona anthu, mwina sakumwa chifukwa cha chisoni chokha ayi, mowawo ukukulitsa chisonicho.

Chomaliza chomwe ndikufuna banja lililonse lidziwe n'chokhudza tsiku lomwe munthu womwa tsiku ndi tsiku wanena kuti wasiya. Ndi tsiku losangalatsa, koma lili ndi ngozi yake. Thupi lomwe lazolowera mowa likaumanidwa mwadzidzidzi limanjenjemera, limatuluka thukuta, ndipo pa tsiku loyamba kapena lachiwiri munthu akhoza kugwa ngati wakhunyu. Pofika tsiku lachitatu ena amasokonezeka mutu, amabwebweta, amaona tizilombo ndi anthu omwe palibe. Kumudzi timathamangira kunena kuti amulodza kapena wachita misala, timam'manga ndi chingwe kapena kupita naye kwa sing'anga, pamene ndi matenda omwe amapha koma ali ndi mankhwala. Choipa china n'chakuti munthu akasiya n'kuyambiranso kangapo, kusiya kulikonse kotsatira kumatha kukhala koopsa kuposa kwam'mbuyo.

Choncho musamutsekere m'chipinda kuti mowa uchoke wokha. Pitani naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, komwe kuli anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo, ndipo ofuna chithandizo chotalikirapo akhoza kufunsa ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Mukafika, musabise mbiri poopa manyazi. Adokotala akafunsa, nenani kuti adayamba ali ndi zaka zingati, amamwa mowa wanji ndi wochuluka bwanji, adamwa liti komaliza, adayesapo kusiya kangati, ndiponso ngati adagwapo kapena kusokonezeka mutu atasiya. Ngakhale mkulu yemwe adasiya zaka 20 zapitazo, akapita kukapimitsa BP kapena shuga, awauze adokotala za zaka zake za mowa, kuti aone chiwindi asanamulembere mankhwala.