Msinkhu wokha sugwetsa mipira ya oponya m'makoleji a ku America

Mu Disembala 2025, pamene mphotho ya Heisman, yomwe imapita kwa wosewera woposa onse pampira wa m'makoleji a ku America, inkaperekedwa mumzinda wa New York, anyamata awiri amene adatsogola pamavoti adali osiyana msinkhu moonekeratu. Fernando Mendoza wa kusukulu ya ukachenjede ya Indiana, yemwe adapata mphothoyo, ndi chiphona cha masentimita 196. Diego Pavia wa Vanderbilt, yemwe adabwera pambuyo pake, ndi wamfupi poyerekeza ndi oponya ambiri. Ngakhale adatsogolera timu yake kugonjetsa Alabama 40-35 mu Okutobala 2024, Alabamayo ili pa nambala 1 m'dziko lonse, funso limodzi silidamusiye: kodi mipira yake siizithera m'zikhatho za adani pamzere muligi yaikulu ya NFL?

Funsoli ndi lakale, ndipo yankho lomwe ambiri amathamangira ndi lakuti wamfupi amaphereredwa pamene wamtali saphereredwa. Yankholi lili ndi kachoonadi kake, koma limabisa zambiri.

Kwa amene sautsatira, mpira umenewu, womwe eni ake amautcha football ngakhale umaseweredwa kwambiri ndi manja, umayenda motere: timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Woyendetsa zonse ndi woponya, wotchedwa quarterback, yemwe amaima kumbuyo kwa amuna asanu ojintcha omuteteza. Maso ndi maso ndi asanuwo pamakhala adani atatu kapena anayi, omwe ntchito yawo ndi kuboola khomalo n'kumugwetsa woponyayo mpira ukadali m'manja. Kupherera kumachitikira pomwepo: mpira ungochoka m'dzanja, mmodzi wa adaniwo n'kukweza chikhatho, mpirawo n'kugwa usanayende ndi mayadi asanu omwe.

Ukagwa pansi, mpata umodzi mwa inayi ija wapita pachabe. Choopsa kwambiri chimadza pamene mpirawo wangokhudzidwa n'kulendewera m'mwamba. Malamulo amati mpira ukakhudzidwa, mlandu wosokoneza wolandira umafafanizika, choncho otchinga kumbuyo amakhala omasuka kulimbana ndi wolandirayo n'kuuwakha okha. Timu imene idali pafupi kugoletsa imapezeka ikuthamangira kukateteza kwawo.

Masamu a nkhaniyi ndi osavuta, ndipo ndiwo amayamba kugwedeza ganizo la msinkhu lija. Mdani wa pamzere wa masentimita 196 akaimika manja amafika kupitirira mamita awiri ndi theka asanadumphe n'komwe. Palibe woponya, ngakhale wamtali bwanji, amene mpira umachoka m'dzanja lake pamwamba chotero. Pamipira yaifupi yomwe imayenera kuyenda molunjika ndi mwamphamvu, woponya aliyense amadutsitsa mpira m'mipata ya pakati pa matupi, monga momwe womenya firikiki amafunira pomwe khoma lasiya kamphako. Chosiyanitsa oponya ndi luso lopeza mpatawo, kusuntha phazi limodzi kapena awiri kumanzere kapena kumanja, kenako n'kuutaya mpira mpatawo usanatsekeke.

Umboni ulipo mbali zonse ziwiri. Russell Wilson, wa masentimita pafupifupi 180, adasewera ku Wisconsin mu 2011 kumbuyo kwa khoma la ziphona zomwe zinkamuphimba, koma adaponya mipira 33 yobala zigoli, inayi yokha ndiyo idagwidwa ndi adani. Dzanja lake linkadutsa pamwamba pa mutu ndipo mpira unkachoka mwachangu. Matimu a NFL adamuzengerezabe chifukwa cha msinkhu mpaka Seattle idamutenga pa nambala 75 mu 2012, ndipo patangotha zaka ziwiri adali atapata chikho cha Super Bowl. Chaka chomwecho Brock Osweiler wa Arizona State, wotalika pafupifupi mamita awiri, adatengedwa Wilson asanatengedwe, chikhalirecho kaponyedwe kake kankadetsa nkhawa chifukwa chigongono chinkatsika ndipo mpira unkachokera cha m'mbali. Woponya wotere amataya utali umene adabadwa nawo.

Chomwe chimapereka oponya ambiri achichepere m'manja mwa adani ndi maso awo. Mnyamata wongochoka kusekondale amakonda kuyang'anitsitsa wolandira mmodzi kuyambira pomwe mpira wayambika mpaka kuuponya. Mdani amene walephera kuboola khoma amaphunzitsidwa kuti asataye mphamvu pachabe: aime, awerenge maso ndi mapewa a woponya, ndipo akaona dzanja lothandizira likuchoka pampira, akweze manja. Ena mwa oponyawa amayamba apapasa mpira kamodzi asanauponye, ena amautsitsa kaye m'chiuno n'kuzunguza mkono. Zonsezi ndi belu lochenjeza mdani. Okonda netibolo amachidziwa chinthuchi, poti nawonso wotchinga amaima masentimita 90 kuchokera kwa woponyera mugolo n'kudikira nthawi yoyenera kutambasula mkono.

Mphunzitsi wa lusoli m'zaka zaposachedwa adali J.J. Watt, yemwenso adachokera ku Wisconsin. Mu Januwale 2012, akusewerera Houston Texans, adadumpha pamzere n'kuwakha mpira wa Andy Dalton wa Cincinnati, nathamanga nawo mayadi 29 kukagoletsa. M'nyengo yotsatira adapherera mipira 16, chiwerengero chomwe nthawi zambiri chimakhala cha otchinga akumbuyo. Watt sankasankha msinkhu wa woponya. Ankangowerenga nthawi.

Koma mlandu waukulu, womwe otsatira masewero sakonda kuuona chifukwa kamera imalondola mpira, uli pa kaseweredwe komwe kafala m'makoleji. Matimu ambiri masiku ano amadalira mipira yachangu, yoponyedwa pasanathe masekondi awiri kapena atatu, kwa wolandira amene ali pafupi. Mpira wotere umayenda motsika ndipo umachoka woponya ali pafupi ndi mzere. Mdani amadziwa kuti sangamufike woponyayo m'nthawi yochepa chotero, ndiye chomwe chamutsalira ndi kuimika manja basi. Timu ikamabwereza njirayi kuyambira pachiyambi cha masewero, adani amaloweza kayendedwe ka mapazi a woponya ndipo pofika m'chigawo chachitatu amakhala akudumpha ngati akuvinira ng'oma imodzi.

Palinso njira yotchedwa RPO, pomwe woponya amasankha pompopompo kupereka mpira kwa wothamanga kapena kuuponya, malinga ndi komwe mdani mmodzi wapendekera. Njirayi idakula m'makoleji chifukwa lamulo lakumeneko limalola oteteza asanu aja kulowa mpaka mayadi atatu kutsogolo mpira usanaponyedwe, pamene ku NFL amaloledwa yadi imodzi yokha. Vuto lake ndi lakuti otetezawo amakhala akukankha ngati mpira uthamangitsidwa, osadziwa ngati mnzawo kumbuyo waganiza zoponya, ndipo kawirikawiri mdani mmodzi amasiyidwa dala wopanda womugwira. Munthu ameneyo amakhala ataima ndendende panjira ya mpira, manja onse ali omasuka. Mpira ukagunda chikhatho chake, owonera amaloza woponya, chikhalirecho msamphawo adautchera ndi mphunzitsi amene adajambula seweroli.

Oteteza nawo ali ndi gawo lawo. Amaphunzitsidwa kuti pampira wachangu amugunde mdani pachifuwa kapena m'mimba kuti manja ake atsike, kapena amugwetse pomugunda m'ntchafu. Njira yachiwiriyi idachepetsedwa mu 2022, pamene bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji la NCAA lidakhwimitsa lamulo la kugunda munthu m'munsi mwa chiuno pofuna kuteteza mawondo a osewera, n'kulola zimenezi kwa okhawo amene ali pakati pa mzere sewero likamayamba. Ndipo ngati atatu apakati akukankhidwira m'mbuyo mpaka kumuponda woponya wawo, palibe kaponyedwe kamene kangathandize, chifukwa manja a mdani akayandikira amatseka mpata waukulu.

Apa ndi pomwe msinkhu umalowadi m'nkhani, koma polowera pake ndi pa kuona. Woponya wamfupi amavutika kuona zomwe zikuchitika pakati pa bwalo, kuseri kwa mapewa a anzake. Akachedwa kuona amachedwa kuponya, ndipo akachedwa kuponya mdani amapeza nthawi yoima n'kukweza manja. Ichi n'chifukwa chake timu ya New Orleans, m'zaka zomwe Drew Brees wa masentimita 183 ankaiponyera, idaika ndalama zambiri pa oteteza apakati monga Jahri Evans, kuti kutsogolo kwa Brees kuzikhala malo opondapo ndi kuonera. Matimu ena amamutulutsa woponya wawo cha m'mbali akuthamanga, komwe kulibe khoma lomuphimba, ngakhale kutero kumatanthauza kuti theka la bwalo latayidwa.

Mkanganowu sukanakhala waukulu chonchi pakadapanda ndalama. Kuyambira mu Julaye 2021 osewera a m'makoleji akhala akuloledwa kulandira ndalama kudzera m'maina ndi zithunzi zawo, ndipo mu Juni 2025 khoti lidavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Woponya ndiye amatenga gawo lalikulu, ndiyenso amayamba kuchotsedwa zinthu zikavuta. Makampani osanthula masewero monga Pro Football Focus amawerenga mpira uliwonse wophereredwa n'kuulemba pa dzina la woponya. Chiwerengerocho sichinena ngati woteteza wapakati adagonja, kapena ngati mphunzitsi adaitana sewero lomwelo kasanu. Chikakumana ndi tepi yoyezera msinkhu, mnyamata wamfupi amaweruzidwa kawiri pamlandu umodzi.

Matimu a NFL adaonetsa kuti akhoza kulimba mtima. Kyler Murray wa Oklahoma, yemwe adapata Heisman mu 2018, ndi Bryce Young wa Alabama, yemwe adaipata mu 2021, onse adayezedwa masentimita 178 ndipo onse adatengedwa pa nambala 1, Murray ndi Arizona mu 2019, Young ndi Carolina mu 2023. Young adasaina mgwirizano wa madola pafupifupi 38 miliyoni wa zaka zinayi. Nyengo yake yoyamba idali yowawa: adagwetsedwa ndi mpira m'manja maulendo 62, timu idapambana masewero awiri okha mwa 17, ndipo amene ankati n'ngwamfupi adadziguguda pachifuwa.

Zomwe Carolina idachita pambuyo pake zikusonyeza komwe akuluakulu ake adaona kuti denga likudontha. Mu Malichi 2024 idagula oteteza apakati awiri, Robert Hunt pamgwirizano wa madola 100 miliyoni wa zaka zisanu ndi Damien Lewis pa madola 53 miliyoni wa zaka zinayi. Young adakhazikidwabe pabenchi atangosewera masewero awiri m'nyengo imeneyo, malo ake n'kutengedwa ndi Andy Dalton yemwe uja adaphereredwa ndi Watt, koma adabwerera m'bwalo kumapeto kwa Okutobala ndipo adamaliza nyengoyo ali woponya woyamba wa timuyo.