Kampani Ikasamukira Kunja, Ngongole Zake Zimatsala Ndi Yani?

Mu 2017, khoti lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa EU lidagamula kuti kampani ya Polbud ya ku Poland idali ndi ufulu wokalembetsa ku Luxembourg popanda kuyamba yathetsedwa kwawo. Chigamulochi chidasiya funso: nanga antchito ndi anthu omwe adaikongoza adzadandaula kwa yani?

Lamulo la EU la 2019 lidayankha. Tsopano kampani singasamuke popanda chiphaso cha dziko lomwe ikuchokako, ndipo chiphasocho chimakanizidwa ngati cholinga chili kuzemba malamulo. Oikongoza ali ndi miyezi itatu yopempha chikole.

Ife tikuona kuti mphamvu ya lamuloli yagona pa wopereka chiphaso. Akangosayina osafufuza, wolira ndi wantchito.